Velo ya Felesta

Laputopu ndinaigula pa Limbuli, kwa mnyamata wa kabaza.
Batani limodzi linali logweluka ngati dzino,
koma sikirini inkawala zedi,
ndipo ndinaikhulupirira
monga timakhulupirira munthu wolankhula mokweza.

Ukwati wa Felesta Namakhwa unali Loweruka pa Chitakale.
Ndinawaimika m'mphepete mwa munda wa tiyi,
phiri kumbuyo, mtambo utatsamira paphewa pake.
Zithunzi mazana awiri ndi zisanu ndi zinayi.
Magetsi atabwera cha m'ma teni
ndinakhala nazo pansi.

Velo inkaoneka yozizira,
ngati yochapidwa ndi buluu wambiri.
Ndinathira chikasu. Ndinaonjezanso pang'ono.
Zipumi zinkanyezimira, ndinachepetsa kuwala.
Tambala woyamba polira
ndinati basi, ndalongosola dziko.

Lachitatu envulopu inabwera pa minibasi kuchokera ku Limbe.
Felesta anaitsegula chiimire pakhomo pa situdiyo.
Anakhala chete nthawi yokwana kusenda chinanazi.
Kenako anati: "Achimwene, velo ndinabwereka yoyera.
Iyi ndi yamtundu wa papaya.
Nanga amunangawa nkhope ili kuti?
Ndikungoona mano ndi tayi."

Ndinaimbira a Muhiwa otsuka zithunzi,
mawu aukali ali kale pakhosi.
Iwo anangoseka.
"Makina anga amalavula zomwe wawadyetsa, mphwanga.
Tsegula tsamba loyera pa sikirini yakoyo,
ugundikepo pepala wamba, masana, uone."

Pepala linali loyera.
Kuyera kwa sikirini kunali chiperoni,
buluu wa m'mawa wa mwezi wa Juni,
wowala mopyola pepala lililonse padziko.
Miyezi isanu ndi iwiri
ndakhala ndikumwetsa mankhwala zithunzi zabwinobwino.
Wodwala anali galasi.

Amayi anathyola tiyi zaka khumi ndi zisanu.
Ankati usayang'ane dengu lako,
yang'ana muvi wa sikelo dengu lisanakolekedwe.
Ngati sunagone pa ziro
tsiku lonse wagwirira wina.
Ine ndinkayesa nkhani ya makilo yokha.

A Muhiwa anatumiza kachipangizo konga kachule,
kolendewera pa chingwe chakuda.
Kanakhala pa sikirini mphindi khumi
kakumwa mitundu umodziumodzi:
wofiira, wobiriwira, wotuwa, wotuwa wina, wotuwanso wina.
Sindinkadziwa kuti kutuwa kuli ndi abale ochuluka chonchi.

Katamaliza, sikirini inaoneka yofooka, yachikasu, yodwala.
Maso anga anakana.
Ankafuna bodza lawo lija, analizolowera
monga phazi limazolowera nsapato yopendekeka.
Panapita masiku awiri kuti avomere.

Ndinasoketsa katani yotuwa pazenera la kuzambwe
kuti dzuwa la madzulo lisamandinong'oneze zake.
Zithunzi ndinazibwereza ndi ndalama yanga ya lendi.
Felesta anaziwerenga zonse, kawiri,
anaima pa chimodzi,
nkupukuta velo ndi chala ngati pali fumbi.
Sanathokoze. Anafunsa ngati felemu ndi yaulere.

Koma usiku ndimawerenga zina zija
zimene zinachoka muno palibe wodandaula.
Zili pa makoma ku Chisitu, ku Nkando, ku Muloza,
ana a sukulu a yunifomu yosadziwika mtundu,
minda ya tiyi yooneka ngati yapsa ndi chilala
chaka chimene mvula sinaleke.

Ndi chija cha malemu Sitolo Khoromana,
chimene mkazi wake anandipempha ndichikulitse
kuchokera pa kachiphaso kakale ka ku esiteti.
Ndinachikonza ndi mtima wonse, pa sikirini ija.
Mwana wawo anali wa miyezi inayi.
Adzakula akuyang'ana pakhoma,
akuyesa kuti bambo ake anali amtundu umenewo.

Mawa ndikwera njinga.
Sindikudziwa kuti munthu amayamba ndi mawu ati
popempha chithunzi cha maliro
kuti akachiyezenso.