Fyuzi Yachinayi

A Lufeyo adafika pa kabaza dzuwa lili paliwombo,
mota ya boti ataipingasa pamiyendo
ngati mbuzi yochokera ku msika wa Golomoti.
Moni adaiwala. Adangotambasula dzanja:
mafyuzi atatu akuda bii,
ndi msomali wopindika.

Nanga msomaliwu?
Akuti, "Umenewu ndiye supsa."

Eetu, supsa.
Chidapsa m'malo mwake ndi waya,
pulasitiki wake atasungunuka ngati phula,
fungo lake mpaka pano lili m'malaya mwao.

Kuno ku Mtakataka, kuseri kwa chigayo,
nyanja yanga ndi diramu lodula pakati.
Ndidathiramo zidebe zisanu ndi chimodzi,
n'kumangirira mota pa thabwa.

Poyamba batire.
Mita idati thwelofu ndi kadontho, ilibe mlandu.
Koma mitu yake idamera ndere yobiriwira,
nati imodzi ikugwedera ngati dzino la mwana.
Ndidapala ndi mpeni, ndidakunga ndi sipanala.
Kenako waya uja adalumikiza okha,
wa nyale ya m'nyumba, wowonda ngati udzu wa tsache.
Ng'ombe zonse za m'khola, a Lufeyo,
mukufuna zitulukire pa khomo la nkhuku?
Adaseka ndi mbali imodzi ya kamwa.

Waya wonenepa. Fyuzi yachinayi, ya fote.
Giya yoyamba, madzi adangonjenjemera.
Yachitatu, mota idayamba kubuula
kubuula kwa munthu wosenza thumba lonyowa,
manambala akukwera, sate, sate-eyiti,
ndidadula moto fyuzi isadafe.
Chikhatho pa chitsulo: kutentha ngati mbaula.

Ndidazungulitsa pulopela ndi chala.
Idakana.

Nati, wochapira wake, kamtanda kachitsulo,
ndidaziika m'chisoti kuti zingasowe m'fumbi.
Pulopela itachoka, ndiye tidauona:
ulusi wa ukonde,
utadzikulunga pa shafuti, mzere pa mzere,
wolimba ngati mtsempha,
wina utalowa kale kudya labala lotchinga madzi.
Ndidasenda ndi lezala.
Mkono umodzi. Iwiri. Isanu ndi iwiri.
Ana obwera ku chigayo adasiya matumba n'kumawerenga nane.

A Lufeyo adautola, n'kuuyang'anitsitsa pa mfundo.
"Kamangidwe aka n'kanga," adatero.
"Ukonde umene udaduka mwezi wa Febuluwale.
Ndimati udapita."

Udali nao ulendo uliwonse,
ukukoka kumbuyo iwo akukankha kutsogolo.

Podikira kuti girisi alowe
adakhala pa tayala, mawu akutuluka okha:
usiku pamadzi, m'mawa m'munda wa mpunga,
masana kusaka fizi ya Esinala ku Dedza boma,
ngongole ya mota yomweyi isadathe.
Adatulutsa timapiritsi tiwiri tamutu,
n'kumeza popanda madzi.
"Ndikamwa iti sindimva kanthu."
Ndidayang'ana msomali uja pa benchi.
Sindidayankhe. Ine ndimakonza mamota.

Tidayesanso.
Giya yachisanu, diramu lidawira thovu,
madzi kudumphira pa nsapato zao,
manambala ataima pa sate-wani osasuntha,
mota ikung'ung'udza pansipansi ngati njuchi.

Fyuzi ikapsa musaikwiyire, ndidawauza.
Ili ngati galu wouwa usiku.
Pitani mukaone chili kukhola,
musamange galu pakamwa.

Adalipira theka ndalama, theka utaka wouma,
n'kupempha msomali wao.
Ndidakana.
Ndidauwongola ndi hamala, ndidaukhoma pa khoma,
ndipo ulusi uja ukulendewera pomwepo.

Kabaza itakhota pa njanji
ndidaona fyuzi yapadera imene ndidawapatsa
ataiiwala pa tayala.
Ndaisunga m'chitini cha manati.
Loweruka amadutsa.