Mkono Wamanzere

Ku Kajaani dzuwa la Novembala limathawa ngati wangongole.
Folo koloko isanakwane, kunja kuli bii,
ife tili pabenchi ya kukiliniki,
nsapato zikudontha chipale chosungunuka.

Woyamba ndi Tuuli, wa zaka zinayi.
Namwino Hilkka wamupopera m'mphuno, uku psi, uku psi,
mwana wayetsemula n'kuseka:
"Basi? Katemerayo ndi ameneyu?"

Kenaka ine,
munthu wogwetsa mitengo m'nkhalango,
zikhatho ngati khungwa la paini,
koma kungoona kasingano, thukuta kamukamu.

Ndikadathawa.
Koma chaka chatha chimfine chidalowa m'nyumba mwathu osaodira.
Chidayamba ndi mkazi wanga, n'kutsikira m'kabedi ka Aarne,
masiku sikisi khanda likupumira m'makina,
ine ndikuwerenga matailosi a m'khonde la chipatala.
Alipo mazana awiri ndi khumi.
Limodzi ndi long'aluka pakona.

Ndapinda mkono wa malaya, maso kukhoma.
Tuuli wandigwira chala chachikulu:
"Ababa, tsinzinani, ndikuwerengerani."

Sanafike ndi pa fayifi pomwe.

Pobwerera akuuza aliyense m'basi
kuti bambo ake sanalire kwambiri.