Masekondi Khumi

Dzina ndinalembetsa mu Febuluwale,
denga likudonthera pa kompyuta ya m'shopu mwanga
kuseri kwa depoti ya Salima,
momwe ndimabena nyimbo ndi kukonza makanema a maukwati.
Anati dikirani, muli pamzere.
Mzere wake wosaoneka,
wopanda wokuponda chala,
wopanda womufunsa kuti achimwene, kutsogoloko kukuyenda?
Ine ndinagonapo pamzere wa chimanga.
Ndinadikira.

Yankho linafika mu Okutobala, magetsi atazima,
batire la foni litatsala kadontho:
mwasankhidwa, ndinu mwa ochepa oyamba.
Lembani mawu, makina akupatsani kanema.
Muyesa kasanu. Kanema aliyense, masekondi khumi.

Twaibu wa mayunitsi anati, panga ya ine ndikutsika ndege.
Alamu anati, panga yotsatsa mpunga wathu, tilemere.
Onse ndinawagwedezera mutu.
Ndalama ya sopo ndinagulira bandulo,
n'kutseka chitseko.

Bambo anga sanasiye chithunzi.
Chimodzi chija cha pa chiphaso
chinapita ndi madzi pamodzi ndi mbuzi.
Ndiye ndinalemba m'chizungu changa cha folomu thuu:
mwamuna wamtali akupalasa njinga.

Anabwera wovala chipewa cha mpikisano,
pamsewu wosalala ngati mbale,
mitengo yake yosadziwika kuno.

Kachiwiri ndinawonjezera fumbi,
dzuwa lathu lino lophika mutu,
khushoni yofiira kumbuyo, ya kabaza.
Anabwera wa zala zisanu n'chimodzi
akundisekerera ndi mano athunthu.
Bambo dzino lam'mwamba analisiya pa Kaphatenga
tsiku lomwe ananyamula mayi wina ndi matumba awiri a makala.

Kachitatu netiweki inathawa pakatikati.
Anawerengera ndithu.
Ndinatukwana mpaka galu wa aneba anayankha.

Kachinayi ndinafotokoza zonse:
chipsera cha pachipumi, makutu, ndevu zapatalipatali.
Munthuyo potembenuka
nkhope inasungunuka ngati kandulo,
n'kuumanso ili ya wina,
munthu wopanda mudzi, wopanda ngongole kwa aliyense.

Kodi makina ungawauze bwanji
kuti munthu ankatsokomola kawiri asanakwere,
kuti aliyense wokhala pa khushoni ankamutcha bwana,
ngakhale kamwana kopita ku sikelo?
Kuti belu linafa kalekale
ndipo ankaliza ndi pakamwa?

Mwayi womaliza ndinausunga masiku asanu ndi anayi
ngati dzira la nkhuku yobwereka.
Ndinajambula ukwati ku Chipoka, ndinabwerako.
Ndinabenera ana asukulu nyimbo zosamveka mutu.
Kenako usiku wina, kukutentha kosagoneka,
ndinalemba mwachidule:
muonetseni chakumbuyo.
Akupita.
Shati yonyowa pamsana,
mwendo wa thalauza womanga ndi mphira.

Kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira.

Ndipo uyo,
msana uli patsogolo panga,
fumbi likudzuka pang'ono pansi pa tayala,
shati ikukupiza mbali imodzi,
khushoni yopanda munthu.
Sanacheuke.
Masekondi khumi anatha asanafike pokhota.

M'mawa ndinapita nayo kwa achemwali anga a Lizineti
kumsika, pomwe amagulitsa tomato.
Anapukuta manja pa chitenje, anaigwira foni ngati ya moto.
Anati, si iwo awa.
Bambo sankakhala chowongoka chonchi,
ankapendekera kumanzere chifukwa cha bondo lija.
Ndinati inde.
Anati, ndipo njinga yathu inalibe madigadi.
Ndinati inde.
Kasitomala anafunsa mtengo wa mulu, sanamuyankhe.

Anati, tabwezanso.

Tinabweza mpaka foni inazima.

Twaibu akundifunsabe za ndege yake.
Ndimamuuza kuti tili pamzere.