Mkono wa a Seok

Lachinayi m'mawa, chipale chikusungunuka pa mawindo a chipatala ku Pohang,
a Seok Gwang-ryeol anavula jekete yonunkha utsi wa chitsulo
nagoneka mkono patebulo ngati si wawo.
Chilonda cha moto, cha masiku atatu, chotuwa pakati.
Adokotala akufuna kudziwa ngati pansi pake patsala moyo,
apo ayi tikasenda khungu la pantchafu, tidzamatepo.

Ine ntchito yanga ndi makina basi.
Ndinawaveka magalasi akuda,
ndinayala kapulasitiki pachilonda, mafuta ozizira pamwamba,
ndinati musagwedezeke. Sanamve.
Zaka makumi atatu pafupi ndi ng'anjo zinawadya makutu.
Ndinachita kulemba papepala.

Kuwala kwa leza sikuboola munthu, kumangogogoda.
Kumabwera mofulumira kuposa kuphethira,
magazi nakumeza, nafunda pang'ono zedi,
nafufuma, nabwerera m'malo,
ndipo kufufumako ndiwo mawu,
mawu okwera moti ngakhale mleme ungadutse osacheuka.
Kakhutu ka makina ndiko kamawatola.

Kompyuta inayamba kuluka.
M'mphepete mitsempha inabwera yothithikana
ngati nyali za kudoko sitima zikamatsitsa malasha.
Pakati, bii.
Ndinameza malovu, ndinatsika milimita imodzi.
Mdima womwewo.
Ndinatsikanso theka, chala chili njenjenje pa batani.

Kenaka kaulusi.
Kamodzi, kokhota, kofiira mwamanyazi.
Kena pambali pake, kena kuseri,
tonse tikuyankha pansi pa phulusa.

A Seok anakweza magalasi, nafunsa mokuwa
monga amafunsira anthu amene sadzimva okha:
Chikuti bwanji chinthuchi?
Sindiloledwa kunena zotsatira, zimenezo ndi za adokotala, thu koloko.
Ndinangolemba kuti: magazi anu akulankhula.

Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda.
Ndiye amva ndani, anatero, poti ine mkazi wanga
amandiitana katatu chakudya chisanazizire, osayankha?
Anaseka mpaka kutsokomola.
Ndinawaonetsa toulusi tija ndi nsonga ya cholembera.
Anayang'anitsitsa, nkhope pafupi ndi galasi,
monga ayang'anira msoko wa chitsulo ngati wagwira.

Potuluka anapinda kapepala kaja kanayi
nakaika m'thumba la pachifuwa, limodzi ndi tikiti ya basi.
Ndinapukuta tebulo.
Wotsatira anali mwana wa phazi lotupa.