Makwerero Adakali Pomwepo

Makwerero adakali pomwepo,
otsamira mtengo wa magetsi panjira ya ku Domwe.
Ngakhale akuba akuwalambalala.
Pansi pake adatolapo chisoti chachikasu, pulayala
ndi nsapato imodzi, yakumanzere, chingwe chili chimangire.
Abiliyo Kamphambe yekha ndiye sadatoledwe.

Ine ndimatchaja mafoni pakhonde la Dona Felizarda
kuno ku Ulongwe,
ndiye zonse ndimazimva osafunsa.

Jasinto wometa akuti inali galimoto yoyera, yopanda nambala.
Iye sadaione. Adaiona ndi mlamu wake
amene tsikulo adali ku Moatize.

Aphunzitsi opuma, a Mbemba, amayala zitsekerero za mabotolo patebulo:
ichi ndi chigayo, ichi ndi mtengo, ichi ndi mlatho.
Akuti mwini chigayo ankaba magetsi,
Abiliyo adamudulira waya Lachiwiri,
Lachinayi n'kusowa.
Werengani nokha, akutero, masamu sanama.
Kenako mwana amadzatola mlatho uja n'kumaseweretsa.

Wogulitsa kachewere akuti ayi, ndi akuba mawaya,
adawapeza akusenda mkuwa, adawaona nkhope.
Wanjinga yamoto akuti munthu ali moyo ameneyo,
adadumpha malire ndi mkazi wa ku Dedza,
pano akunenepa.
Nanga nsapato imodzi?
Chikondi chimathamangitsa, akutero, onse n'kuseka.

Wina adanong'ona za dazi, kuti muli anthu amasaka mitu yotere.
Jasinto adaimirira ndi ukali:
mutu umenewo ndaumeta zaka zisanu ndi ziwiri,
tsitsi lake limabunthitsa lumo!
Imeneyo yokha ndiyo mfundo imene tidagwirizana.

Apolisi adabwera kawiri, adalemba, adamwa fanta.
Akuti kafukufuku ali m'kati.
Mvula yagwa, yakata, chimanga chalowa m'nkhokwe.

Rozalina akamadutsa ndi beseni la tomato pamutu
pakhonde pamagwa bata.
A Mbemba amaphimba zitsekerero ndi chipewa.
Iye amatipatsa moni mmodzimmodzi, mayina onse,
ngati akutiwerenga.
Akangokhota pa banki, galimoto ija imayambanso kuyenda,
lero ndi yotuwa.

Ine ndilibe galimoto, ndilibe chigayo.
Ndili ndi foni yake.
Adaisiya m'mawa umenewo, yagalasi long'aluka pakona,
nati, ndiitenga pobwera, usandidyere mayunitsi.
Apolisi adaipenda, adaibweza.
Rozalina adakana kuilandira:
isungeni, adzaifunira pomwe adaisiya.

Ndiye ndimaidzaza. Sindilipiritsa.
Loweruka lililonse madzulo imalira kamodzi,
dzina lotuluka ndi Nelita, mwana wake wa sitandade fayifi,
amene akudziwa bwinobwino kuti foniyo ili ndi ine.
Sindiyankha. Iyenso sadikira.

Usiku wathawu magetsi adazima tauni yonse.
Mumdimamo wina adati, Abiliyo akadakhalapo,
ndipo palibe adamalizitsa.