Pansi pa Kapeti Yofiira

Nyumba ya kanema iyi tinaimanga ndife,
ine, Adelino ndi anyamata awiri a ku Bissau,
chaka chomwe mvula inakokolola zisakasa zathu ku Amadora.
Pansi pa kapeti yofiirayi pali simenti
yomwe inandisenda khungu la m'manja,
ndipo pakona ya kumanzere, wina atafukula,
angapeze dzina lolembedwa ndi msomali: Firmino.
Zapita zaka makumi atatu ndi zinayi.
Lero ndiye ndalowera khomo lakumaso.

Djanira wagula matikiti atatu.
Wandikhazika pakati ngati mpanda,
iye kumanja, Gaspar kumanzere,
mnyamata wa maso otuwa ngati mtsinje wa Tejo m'chisanu.
Wanditchula "bambo" kawiri,
kawiri konse ndayang'ana nsapato zanga.

Magetsi thii.
Pachinsalu banja likutsika sitima,
masutikesi omangidwa ndi chingwe.
Chingwe alondola, mfundo alakwitsa:
yoteroyo ikadamasuka tisanachoke padoko la Praia.
Tate wa m'filimu akukalipa, akumenya tebulo, mbale zikudumpha.
Ine sindinamenyepo tebulo.
Tebulo ndinaligula pangongole.
Tsiku limene Djanira anabwera ndi mnyamatayu
ndinadya kachupa wanga phee,
kenaka ndinatuluka kukakonza mpope wosawonongeka.

Tsopano abwera ometa mipala, zibonga m'manja,
magalasi phwaa, mwana akulira pansi pa bedi.
Mayi wakhala kutsogolo kwanga wagwira pakamwa.
Inde mayi, zimachitika. Adelino amatsimphina mpaka lero.
Koma masiku ambiri chidanichi chimayenda chonyang'ama.
Ndi chikwama chosamukira mbali ina ndikakhala pampando m'basi.
Ndi mwini nyumba wonena pafoni kuti chipinda chilipo,
pakhomo n'kuti changotengedwa kumene.
Ndi Dona Hermínia, mayi wa Gaspar,
kumwetulira, kuthira tiyi, kuyamikira mwana wanga:
"Koma ndiye umalankhula bwino chilankhulo chathu!"
Mwana wobadwira m'chipatala cha pamsewu wawo womwewo.
Zotere sazijambula.
Zilibe phokoso, sizitulutsa magazi.

Amati mlendo ndi mame.
Mame anji osakamuka zaka zonsezi,
mame okhoma msonkho, mame oika mkazi wake m'manda a kuno?

Nanenso changa ndili nacho, ndisaname.
Ndinkafuna mwana wa Adelino,
woti nditamwalira adzadziwe nyimbo yondiimbira.
Mnyamatayu sindinamufunsepo ngakhale dzina la bambo ake.

Kuwala kwa chinsalu kwagwera pa dzanja lake.
Chikhadabo cha chala chachikulu chada bii,
magazi anaundana mkati.
Bala limenelo ndikulidziwa, ndi la nyundo.
Akukhoma mashelefu m'kanyumba kaja,
komwe anapeza atakanidwa kasanu ndi kawiri ali awiri,
n'kukalandiridwa tsiku lomwe iye anapita yekha.
Djanira akuti atabwerako anaponya makiyi patebulo
n'kukadzitsekera m'bafa ola lathunthu.

Filimu yathera paukwati.
Apongozi onse akuvina, wina wakhululukira mnzake pakhonde,
chifukwa ikakwana teni koloko magetsi ayenera kuyaka
ndipo wosesa akudikira pakhomo ndi tsache lake,
mtsikana wa ku Nepal, maso ali gwa ndi tulo.
Ndatola chikho cha pepala chomwe wina anasiya pansi.

Panja kukuwaza.
Ambulera ndi imodzi, anthu tili atatu.
Djanira akufunsa ngati yandisangalatsa.
Ndati chingwe chija anamanga molakwika.
Waseka, kuseka kwa malemu mayi ake.

Pamalo odikirira basi ndatembenukira kwa mnyamata,
osati kumaso, kuchala.
"Nyundo saigwirira pakhosi," ndatero,
"ndipo khoma la nyumba zakale limafuna kuboola kaye.
Loweruka usakhome kanthu.
Ndibwera ndi zida zanga."