Kalembera wa Mlonda

Pa nyuzipepala imene anandikulungira zitumbuwa
andandalikapo mizinda ya anthu olemera:
wakuti uli nawo zikwi zakuti,
wakuti ukuuponda chidendene.
Ndatsitsa chala mpaka pansi, podontha mafuta.
Lilongwe palibe.

Ha! Anawerenga ndani?
Akadafika kuno ku Area 43
ndikadawawerengera ine Dzinkambani,
amene ndimadziwa geti lililonse ndi kaliridwe kake.
La bwana wa feteleza limalira ngati kamwana ka mbuzi,
la adokotala limatsegukira galimoto zitatu,
agalu a pakona amadya nyama ya pasikelo
ine ndikumeza fungo.

Blantyre amati chuma chake n'chakale,
chinamera mizu ku Nyambadwe.
Mzuzu wangoti zii, wafunda nkhungu.
Chathu chino chimayenda usiku
magalasi atakwezedwa,
sichifuna kalembera.

Kukacha ndimapalasa njinga kubwerera ku Mgona
kumene timagonadi, asanu ndi awiri chipinda chimodzi,
mpweya wa mnzako ndiye bulangete.
Ngati mpikisano wake ndi wothithikana pamalo amodzi,
alembe ifeyo.
Tikhala pamwamba.